Alamu akuti akanakhala mu nsapato zanga

Abale anzanga a mumsika, ine geni yanga ndi ya nsapato za kaunjika mu Limbe muno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho Chingerezi changa ndi chongowerengera ndalama ndi kutchula saizi basi. Koma alipo mawu ena achizungu amene ndinawaphunzira misozi ili m'maso, ndipo lero ndati ndikugawireniko.

Mukukumbuka Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Mtengo wa belo unalumpha sabata yomweyo, mpamba wanga n'kuperewera. Ndinakakongola ku banki m'khonde n'kuoda belo limodzi. Nditadula mawaya aja, mtima unangoti myuu! Pafupifupi theka linali nsapato zopanda zinzake, zina zong'ambika kunsi. Ndipo inu mukudziwa kuti belo likatsegulidwa silibwerera kwa mwini wake.

Madzulo ndinapita kwa alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito ya muofesi. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anakonza tayi, n'kunena kuti: "Alamu, if I were in your shoes, ndikanagulitsa benchi lija n'kupita kumudzi kukalima."

Ine kumva "shoes" ndinayesa mwayi wandipeza. Ndinati: "Alamu, mumavala saizi chani? Mawa ndikubweretserani yabwino, mundipatse yomwe muli nayo." Nyumba yonse inafa nako kuseka. Ndinatuluka manyazi atandigwira, m'thumba mulibe kanthu.

Amene anandimasulira ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3. Anati: "Bambo, amalume sankafuna nsapato ayi. Amatanthauza kuti akanakhala inu." Akuti mzungu akamati nsapato pamenepa akunena malo amene munthu waima, mavuto ake ndi katundu yense amene wasenza. Ndiye mawuwa amabwera munthu akafuna kupereka malangizo. Akafuna kuti umumvere chisoni amati "put yourself in my shoes", ngati mmene ife timanenera kuti taganizani zikanakhala kuti zagwera inu. Akaona mnzake ali m'madzi amati "I wouldn't want to be in his shoes", kutanthauza kuti zimene zamuonekera uyu zisandionekere ine.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi china. Mwanayo anati aphunzitsi awo amalimbikira kuti pamayeso alembe "if I were", ngakhale anthu ambiri poyankhula amati "if I was". Chifukwa chake n'chakuti kamawu ka "were" kamasonyeza kuti nkhaniyo ndi yongoyerekeza, siili choncho. N'chimodzimodzi ndi "kana" wathu uja wa mu "ndikanakhala". Ukangoti ndikanakhala, wavomera kale kuti suli.

Eetu! Ndiye kuti alamu anga, ndi Chingerezi chawo chomwecho, anavomera okha kuti sali ine. Iwo mwezi ukatha malipiro amalowa, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Sadziwa kuti tikiti ya msika imadulidwa ngakhale tsiku limene sunagulitse kanthu. Sanathamangitsidweko m'misewu ngati mmene zinatichitikira mavenda mu 2006 pa Operation Dongosolo. Sadziwa nkhope za amayi a banki m'khonde tsiku lobweza likakwana. Kumudzi kumene ankanditumizako, feteleza ndikanagula ndi chiyani? Nanga fizi ya mwana?

Zoti nsapato ya mnzako suyidziwa, ife ogulitsa nsapato timaziona tsiku ndi tsiku. Kasitomala amabwera motsimikiza kuti amavala 42. Umupatse 42 ya ku Italy yamuthina, 42 ya ku China yamukhwepa. Ndipo nsapato ya kaunjika inapindika kale motsatira phazi la mwini wake woyamba. Poyang'ana pa benchi imaoneka bwino, koma pamene ikuluma amadziwa ndi amene waivala n'kuyenda nayo kuchoka ku Limbe kukafika ku Bangwe.

Komatu ndisanamizire alamu okha. Nanenso mawu amenewa ndimawagwiritsa ntchito, m'Chichewa. Kangati ndauza kasitomala kuti "ndikanakhala inu bwana ndikanatenga iyi", pamene ndikungofuna kuti nsapato yokhalitsa ichoke? Kangati ndauza mayi wa tomato woyandikana nane kuti ndikanakhala iwo ndikanatsitsa mtengo, ine tomato sindinaodepo ndi tsiku limodzi lomwe? Malangizo otere salipiritsa, n'chifukwa chake timawamwaza ngati mankhusu.

Benchi sindinagulitse. Anandipulumutsa ndi anzanga a mzere wa nsapato, amene sanayankhule Chingerezi chilichonse. Mkulu wina anangoti: "Achimwene, tabweretsani zopanda zinzakezo, nafenso tili nazo m'matumba." Tinakhuthulira pansi n'kuyamba kuphatikiza, iyi yakumanja kwa ine, yakumanzere yofanana nayo kwa mnzanga. Zong'ambika ndinapatsa wosoka nsapato, zotsala ndinachapa n'kupaka polishi. Phindu panalibe, koma ngongole ndinabweza ngakhale mochedwa ndi mwezi umodzi, chiwongoladzanja chitakwera. Mwana sanathamangitsidwe kusukulu.

Alamu anga sindinawasungire chakukhosi, ndi amalume a ana anga. Tsiku lina anabwera pa benchi kufuna nsapato yakuda ya kuofesi. Anaiyesa, anayenda nayo pang'ono, n'kudandaula kuti ikuwaluma chala. Ine ndinati: "Alamu, inetu ndikuiona ngati yakukwanani bwinobwino." Anandiyang'ana, tonse n'kuseka.

Choncho anzanga, wina akakuuzani kuti "if I were in your shoes", musamufunse saizi ngati ine. Mverani malangizowo, mwina muli nzeru, koma mufunseni ngati anasenzako katundu wanuyo. Nanunso musanauze mnzanu kuti "ndikanakhala ine", yambani mwamufunsa pamene pakumupweteka. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.