Madontho Safa pa Fotokope

Mapu amene ndimajambula pawailesi yathu, osonyeza kumene mawu athu amafika kuchokera ku Chadiza mpaka kwa Mlolo, amathera pa fotokope. Pamenepo zofiira ndi zabuluu zimangofanana, moti msewu, mtsinje ndi malire a Mozambique sizidziwikanso.

Nzeru ndinaitenga ku makina akale. Tektronix 4014 ya mu 1974 inkajambula ndi mtundu umodzi, wobiriwira. Posiyanitsa mizere, munthu ankatumiza ESC ndi chilembo: a ankapereka madontho, b dontho ndi kamzere, d timizere titalitali. Pulogalamu ya xterm pa Linux imamverabe malamulo amenewa.

Anzanga a m'tauni, musanakongoletse mapu ndi mitundu, kumbukirani aphunzitsi akumudzi amene adzawalandire ali otuwa. Malire apatseni dontho ndi kamzere, mtsinje madontho, msewu mzere wosaduka.