Mchere Wochokera Pansi kwa Mbenje

Ife a kunyanja tinakula tikumwa madzi ozuna, moti sitiganizako n'komwe kuti mjigo ungatulutse madzi oti munthu n'kulavula. Koma mukatsika chitunda cha Thabwa, n'kuwoloka Shire pa Chikwawa, n'kupitirira Nchalo ndi Ngabu, mumafika m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, kumene kuli Sorgin ndi Bangula. Kumeneko nkhani ya madzi ndi ina.

Shire amene amadutsa chakum'mawa kwa derali ndi madzi omwe aja a m'nyanja yathu, otulukira ku Mangochi, ndipo alibe mchere. Koma mijigo ina ya m'midzi imatulutsa madzi owawa. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi sakoma. Tinaona amayi akuupitirira mjigo wabwinobwino, ndowa kumutu, kulowera kumtsinje kumene kuli ng'ona.

Tsono mcherewu ukuchokera kuti, poti nyanja ya mchere ili kutali ku Mozambique? Ukuchokera pansi. Chigwachi chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira kalekale, ndipo miyala ya pansi ili ndi ming'alu. Madzi amene akhalitsa m'miyalamo amasungunula mchere n'kumakwera nawo kudzera m'ming'aluyo. Popeza malowa ndi athyathyathya ndipo dothi lake ndi lamakande, madziwo sayenda msanga. Nchifukwa chake mjigo wina umakhala wabwino pamene wina wapafupi pomwepo ndi wowawa.

Chotsala amamaliza ndi dzuwa. Kuchigwa kumatentha koopsa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mvula ndi yochepa. Pamene madzi a pansi ali pafupi, dothi limawakoka monga momwe chingwe cha nyali chimakokera palafini. Madzi amauluka, mchere n'kutsala pamwamba, mbuu ngati mwawazapo ufa. Pamalo otere chimanga chimapinimbira ngakhale muthire feteleza. Tonsefe timadziwa zimene mchere umachita pa nsomba yoyanika: umatulutsa madzi. Umachita zomwezo ku mizu ya mbewu.

Si zachilendo. David Livingstone atadutsa m'chigwachi m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akupala dothi, kulitcheza ndi kuumitsa madziwo padzuwa kuti apeze mchere.

Chimene chikutipatsa maganizo ndi ulimi wothirira. Boma linayamba kukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira m'chaka cha 2020, ndipo cholinga chake n'choti madzi a Shire adzafike mpaka ku Bangula. Madziwo ndi abwino ndithu. Koma munda wothiriridwa popanda ngalande zotulutsira madzi otsala umakweza madzi a pansi aja, ndipo amabwera ndi mchere wawo kufika pamizu. Alimi a kwa Mbenje ayenera kufunsa za ngalande zotulutsirazo madzi asanafike.