Masamu Ndiwo Khomo la Maphunziro a Zachuma

Tiulula kulakwa kwathu kuti mabanja ena achenjere. Mwana wathu ali ku sekondale adadana nawo masamu, ndipo ife, amene tidakonda Chilatini ku seminale, tidamlekerera, poyesa kuti kudziwa mawu nkokwanira. Atatsiriza digiri yoyamba, adapempha malo a digiri yachiwiri ya zachuma ku sukulu ina yakunja, koma adamkana, pakuti masamu ake adali operewera.

Pamenepo tidazindikira kuti maphunziro otere, ngakhale ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, atsamira pa mafuwa atatu: calculus, yoyeza kusintha kwa zinthu; algebra, yomasula mafunso ambiri pamodzi; ndi statistics, yosanthula ziwerengero. Mlimi wa fodya ku Bolero akamalingalira ngati thumba lachitatu la feteleza lidzabweza mtengo wake, wafunsa funso la calculus, angakhale salidziwa dzina lake.

Tsopano mwanayo wabwerera ku mabuku amene adawathawa, ndipo chaka chathunthu chamtayikira. Atate ndi amayi, madzulo mukatha Korona, funsani ana za masamu awo, ndipo pogulitsa mbewu awerengetsere ndiwo. Kuwongola mtengo mpoyamba. Mulungu akudalitseni nonse.