Luso Lili M'manja, Dzina Lili Papepala la Wina

Ambiri a ife amene tinachokera ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona tili pano chifukwa cha pulayazi ndi tesita. Fizi yathu imachokera kwa bambo, amalume kapena achimwene amene amadzuka m'mamawa, chikwama cha zipangizo kumsana, kukaika mawaya m'nyumba za anthu. Patchuthi enafe timawatsatira. Timanyamula makwerero, kugoba khoma podutsa mapaipi, kukoka waya m'denga kukutentha. Choncho tikamakamba za amisiri a magetsi opanda mapepala, tikukamba za anthu a kwathu.

Anthu amenewa sanapite ku Lilongwe Technical College, kapena ku Namitete, kapena ku Don Bosco ku Area 23. Anayamba ngati anyamata opatsira zipangizo. Chaka choyamba kugoba khoma, chachiwiri kumanga masoketi ndi maswitchi, kenaka tsiku lina bwana wadwala, mnyamata n'kumaliza yekha nyumba yonse. Papita zaka 15 kapena 20, ndipo lero akangomva fungo pa bokosi la mabreka amadziwa pamene waya wapsa. Ukaipa dziwa nyimbo: sukulu inawakanika chifukwa cha ndalama, koma manja anaphunzira.

Vuto limabwera ntchito ikatha. Kuti ESCOM ilumikize nyumba, pamafunika umboni woti mawaya anaikidwa ndi munthu wovomerezeka, ndipo chilolezo chimenecho chimachokera ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004. Mmisiri wathu alibe chilolezo. Ndiye amapita kwa mnzake amene ali nacho, n'kumulipira kuti asaine ndi kudinda. Ena osainawo amapitadi kukaona ntchitoyo ndi kuiyeza. Ena amasainira pamsika, nyumbayo osaidziwa ngakhale kumene yayang'ana.

Taona zimenezi kuyambira tili ana mpaka tinazizolowera, koma zili ndi mtengo wake. Choyamba ndi ndalama: gawo la thukuta la amalume limapita kwa munthu amene sanagwire waya. Chachiwiri ndi ntchito zazikulu. Sukulu, chipatala kapena kampani ikafuna wamagetsi, imayamba yafunsa satifiketi, ndipo mmisiri wa zaka 20 amakalowa ngati waganyu pansi pa mnyamata amene wangomaliza kumene maphunziro. Chachitatu ndi chimene chimatisowetsa tulo. Nyumba ikapsa usiku, ana ali m'kati, ndani ayankhe? Wosaina adzati sindinagwire, wogwira adzati sindinasaine.

Kwa ife a mpingo pali china. Pepala lija limanena kuti wakutiwakuti ndiye wagwira ntchito ndi kuiyeza, pamene sizinatero. Ndi umboni wonama, ngakhale kuti ndalama yake timachotsapo chakhumi. Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula womanga nyumba kuti atchinge m'mbali mwa denga kuopa kuti munthu angagwe, mlandu wa magazi n'kukhala pa nyumbayo. Masiku ano mpanda umenewo ndi waya wa earth ndi breka ya saizi yoyenera.

Chimene ambiri kwathu sadziwa n'chakuti khomo lilipo, ndipo silifuna kuti munthu wa ana asanu abwerere m'kalasi zaka zitatu. Mayeso a trade test, a pansi pa unduna wa zantchito, anapangidwira anthu ophunzirira pantchito. Amakhala ndi mbali yolemba ndi mbali yogwira ndi manja. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning, mwachidule RPL. Kumeneko munthu amaonetsa umboni wa ntchito zimene wagwira, akatswiri n'kumuyesa, ndipo akakhoza amalandira satifiketi ya luso limene ali nalo kale. Ndi pepala limenelo m'manja, ulendo wokapempha chilolezo ku MERA umayambika.

Nanga bwanji sapita? Tikawafunsa, yankho loyamba limakhala ndalama ndi nthawi, chifukwa tsiku limene sanagwire ntchito kunyumba sikuphikidwa ndiwo. Koma mukakhala nawo nthawi yaitali, chenicheni chimatuluka: mantha a cholembera. Munthu amene anasiyira Sitandade 8 kalekale amaopa Chingerezi cha pa mafomu, amaopa masamu, amaopa kulephera pamaso pa anyamata amene iye anawaphunzitsa kugwira pulayazi. Ena amangoti, "Pepala siliyatsa babu."

N'zoona, siliyatsa. Koma tiyeneranso kunena mwaulemu kuti mayeso amafunsa zinthu zimene kuzolowera kokha sikuphunzitsa. Amalume amadziwa kuti magetsi ounikira amafuna waya wa 1.5, masoketi wa 2.5, kuka wa 6. Mayeso amafunsa chifukwa chake. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Giza ya mawati 3,000 imakoka maampu pafupifupi 13, ketulo ya mawati 2,000 pafupifupi 9. Munthu akadziwa kuwerengera kumeneku, sangalole mwini nyumba kumukakamiza waya woonda pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo sangachotse breka imene ikugwagwa n'kuikapo yaikulu, chifukwa amadziwa kuti tsopano chimene chidzapse ndi waya wa m'denga. Mayeso amafunanso kuti ntchito iyezedwe ndi makina isanalandire moto, osati kungoyatsa n'kuona ngati babu layaka. Choncho pepala silichotsa ulemu wa zaka 20 zija. Limatseka mipata imene inatsala.

Apa ndi pamene ife ophunzira tikulowa. Masamu amene akuopsa amalume ndi a Fomu 2. Mafomu amene akuwanjenjemeretsa timadzaza ofanana nawo semesita iliyonse. Foni imene tili nayo ikhoza kujambula ntchito zawo, ndipo tikhoza kuwalembera mndandanda wa nyumba zimene anagwira, chaka ndi malo, ndi kupempha eni nyumbazo makalata a umboni. Tikhoza kupita nawo ku ofesi ya TEVETA ku Lilongwe kukafunsa masiku ndi malipiro, pakuti safunsa anadya phula. Tikafunse msanga ndithu za tsiku la mayeso, kuti ngati lagwa pa Sabata tipemphe njira ina nthawi ikadalipo.

Mipingo yathu ya ku Area 23, Area 25 ndi Kawale ili ndi zipinda zimene zimakhala zotseka Lamlungu masana. Muli aphunzitsi a masamu, muli amisiri amene ali ndi zilolezo kale. Bolodi limodzi, choko ndi maola awiri pa mlungu n'zokwanira kukonzekeretsa abambo asanu. Ndipo komiti yomanga tchalitchi ikamafuna wamagetsi, isamangofuna wotchipa n'kutseka maso pa za siginecha. Imuthandize m'bale ameneyo kulipira mayeso.

Chiphunzitso chathu chimati maphunziro enieni amakhudza mutu, mtima ndi manja, ndipo Ellen G. White analimbikira za ntchito zamanja m'buku lake la Education la mu 1903. Ife tapatsidwa mwayi wa mutu ndi anthu amene anangopatsidwa wa manja. Tsiku lomaliza maphunziro adzabwera atavala jekete yobwereka, kudzatijambulitsa titanyamula satifiketi yokhala ndi dzina lathu. Tchuthi chikubwerachi, tisanapemphe fizi ya semesita ina, tikhale nawo pakhonde ndi kope ndi pensulo, tiyambe ndi mawati kugawa ndi mavoti.