Buku la maliro lomwe linkasunga amoyo ku Mbare

Mu Salisbury wa masiku athu, pogona panali pa ntchito, osati pa munthu. Lamulo la mu 1946 linkafuna kuti wakuda aliyense wokhala m'tauni akhale wolembetsedwa, ndipo malo ake ogona ankadalira bwana amene wamulemba ntchito. Ikatha ntchito Lachisanu, pofika Lolemba bedi lako linali la wina. Ndiye ana inu mukamamva kuti kale m'tauni munalibe anthu ogona m'makhonde a masitolo, musamayese kuti amphawi kunalibe. Analipo ochuluka zedi, kungoti tinkawabisa.

Ine ndinafika kuno mu 1960, nthawi ya Chitaganya, kuchokera ku Dedza. Zambezi tinawoloka pa pantoni ku Tete, poti mlatho unali usanamangidwe, kenako Nyamapanda, Mtoko, mpaka mu Harari, lokeshoni yomwe lero mukuitcha Mbare. Akuluakulu athu anali atatsogola kalekale, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kukagwira m'mafamu a fodya. Ambiri mwa iwo anathawa m'mafamumo n'kulowa m'tauni. Eni dziko ankatitcha Manyasarande kapena Mabhurandaya, ngakhale ena a ife Blantyre tinali tisanamuonepo. Ntchito zomwe iwo ankazinyansidwa, monga kusesa misewu, kutaya mabakete a m'zimbudzi ndi kukumba manda, zinkagwera ife ndi anzathu a ku Mozambique.

Munthu ukatsika basi wopanda adiresi, sunkafunsa ofesi ya boma. Unkangotchera khutu mpaka umve wina akuyankhula chinenero chakwanu, n'kumupatsa moni. Mafunso ake anali atatu: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndani. Ukayankha bwino, dzuwa lisanalowe unkapezeka uli ku Matapi, ku Nenyere kapena ku Shawasha, m'mahositelo a amuna okhaokha, m'manja mwa munthu wa boma lakwanu amene sunamuonepo chibadwire.

Mlendo wotere ankagona pansi pa bedi la mnzake. Apolisi a kanselo ankabwera pakati pa usiku ndi matochi kudzaona zitupa, choncho alonda ndi ena ogwira usiku ankasiyira alendo mabedi awo kuti chiwerengero cha mitu chigwirizane ndi cha mabedi. Mphika unali umodzi. Ogwira ntchito ankasonkha ufa, nyemba ndi matemba, ndipo wosagwira ntchito ndiye ankaphika, kuchapa ndi kusita mayunifomu a anzake. Zimenezi ndimazikumbukira kwambiri tsopano ndikamaona anthu ali pamzere wolandira chakudya, wina akuwajambula. Ife mlova sitinkamudyetsa ngati wopemphetsa. Anali ndi gawo lake pamphikapo, ndipo ankatha kudandaula ngati ndiwo zachepa. Ntchito ankamupezera makuku ndi magadeniboyi a ku Avondale ndi ku Highlands, omwe ankamva msanga kuti dona wakutiwakuti wachotsa munthu.

Koma chomwe tinkaopa kuposa njala chinali kufera m'chipatala popanda wokutenga. Mtembo wopanda mwini unkakhala m'mochale mpaka boma litatopa nawo, kenako akaidi ndiwo ankakauika, popanda nyimbo, popanda wolira, popanda ngakhale wolemba kalata kumudzi kuti amayi ako amete. Mantha amenewa ndi amene anabala masosaite a maliro. Panali a anthu a boma limodzi, panali a mpingo, Ayao ambiri ankadalira mzikiti, ndipo a Gule Wamkulu anali ndi dongosolo lawolawo lomwe ife akutchalitchi tinkanamizira kuti sitikulidziwa. Yathu inali ya anthu a ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo ambiri tinkapemphera ku CCAP, mpingo womwe unabwera kuno ndi amishoni ochokera ku Nkhoma.

Popeza ndinali nditaphunzirako kusukulu ya mishoni, anandipatsa ulembi. Tinkakumana Lamulungu loyamba anthu akalandira, mapemphero akatha, tcheyamani kutsogolo, msungichuma pambali ndi kabokosi kake, ine ndi buku. Aliyense ankaitanidwa ndi dzina, n'kubwera kudzaika mashereni ake patebulo anthu onse akuona. Ndalamazo zinkapita ku positi ofesi, ndipo kuti zituluke pankafunika anthu atatu asaine. M'bukumo sindinkalemba ndalama zokha. Ndinkalemba dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake, ndi dzina la mwinimbumba woti adzauzidwe zikadzavuta. Kwa anthu ambiri, malo okhawo m'dziko lonse la Rhodesia pomwe panalembedwa kuti iwo ndi mwana wa yani anali m'buku limenelo.

Malamulo athu ankanena za bokosi, lole yonyamula anthu kupita kumanda, nkhuni ndi ufa wapasiwa, basi. Za amoyo munalibe. Koma munthu amene umamuitana dzina mwezi ndi mwezi, akajomba kawiri umadziwa kuti chilipo. Tinkatuma anthu awiri kukamuona. Akapezeka kuti ntchito yatha, sosaite inkamunyamula miyezi ingapo osamufufuta, ndipo wina ankamutenga kukagona kwake. Akapezeka kuti akutsokomola magazi, monga ankachitira ambiri obwera kuchokera kumigodi, mkangano unkabuka. Achinyamata ankati ndalama ndi za maliro, tisaphwanye lamulo. Mkulu wina wa ku Ntcheu, yemwe anali telala, ndiye ankathetsa nkhani. Ankangofunsa kuti, "Kodi abale anga, chabwino n'chiti, timugulire tikiti akali kupuma kapena tidikire tidzamugulire bokosi?" Tikatero tinkagula tikiti, bulangete ndi kamba wapanjira, n'kupeza wina wopita kumudzi kuti amuperekeze.

Amasiye ndiwo ankativutitsa mitu kwambiri. Nyumba za mabanja zinkalembedwa m'dzina la mwamuna, ndiye bambo akamwalira mayi ndi ana ankatsala opanda poima. Apa amuna tinalibe nzeru zambiri. Anali amayi a Chigwirizano amene ankadziwa kuti kwa uje kuli kachipinda, kwa uje akufuna wochapa, ndipo Lachinayi lililonse ankayenda ndi timabeseni ta ufa, sopo ndi shuga. Anali akutsata mapazi a Mai Musodzi, omwe anamwalira mu 1952 ine ndisanafike, koma dzina lawo linali pakamwa pa aliyense. Mai Musodziwo anayambitsa kalabu ya amayi mu 1938 ndipo ankaimirira akazi othamangitsidwa m'lokeshoni. Holo ya dzina lawo ilipobe ku Mbare.

Ndisakunamizeni kuti tinali angelo. Asungichuma ena a masosaite anathawa ndi kabokosi. Munthu wa boma lina, kapena amene anakana kusonkha akali ndi mphamvu, tinkamuyang'ana kumbali. Mkazi wokhala yekha wophika kachasu kapena chikokiyana ankanenedwa zambiri, ndipo thandizo linkamufika mochedwa, ngakhale amuna omwewo ankamwa kwa iye pangongole. Ndiponso panali matchona enieni, amene anadula makalata ndi kwawo, osalowa sosaite iliyonse, n'kukalamba opanda mkazi, opanda mwana. Amenewa tinkawadziwa akagwa kale.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, zitupa zoyendera m'tauni zinatha, ndipo mu 1982 mzinda wonse unatenga dzina la Harare. Mahositelo aja anadzaza akazi ndi ana. Chipinda chomwe tinkagona amuna ochepa chinagawidwa ndi makatani ndi makatoni, banja uku banja uku, mipope ndi zimbudzi zili zomwe zija. Kumbuyo kwa nyumba iliyonse kunamera timanyumba ta matabwa ndi malata tochititsa lendi. Tinali tonyansa m'maso mwa anthu odutsa pa galimoto, koma ndi mmene munkagona wogulitsa tomato ku Musika, msika wa ku Mbare, wokankha ngolo, ndi gogo wolera adzukulu. Lendi ya timanyumbato ndiyo inalinso penshoni ya eni nyumba okalamba.

Zaka za m'ma 1990 zinatigwetsa mphwayi. Ndondomeko ya boma yosintha chuma ya ESAP inayamba mu 1991 ndipo mafakitale a ku Workington ndi Southerton anayamba kuchotsa anthu. Mu 1992 kunagwa chilala. Pamwamba pa izo panabwera Edzi. Buku lathu linapangidwa poganiza kuti amwalira ndi akuluakulu, mmodzi lero wina chaka chamawa, achinyamata n'kumasonkhabe. Tsopano omwalira anali osonkhawo. Panali miyezi yomwe tinkachoka kumanda n'kupeza uthenga wina ukutidikira pakhomo. Tinakweza chopereka, tinachepetsa ufa wapasiwa, tinaletsa kugona pamaliro masiku ambiri. Ana ogona mumsewu, omwe kale ankawerengeka, anayamba kuoneka m'magulumagulu m'tauni ndi pa depoti ya mabasi. Pamenepa mphamvu zathu zinachepa, ndipo ndiyenera kuyamika ena amene analowapo. Masisitere a Katolika anatsegula Mashambanzou ku Waterfalls mu 1990, n'kumalandira odwala omwe abale awo anali atatopa nawo. Ku Highfield kunali nyumba ya Society for the Destitute Aged, ndipo mukanalowamo mukanamva Chichewa, Chisena ndi Chiyao, poti ambiri okhalamo anali matchona athu aja. Amayi a m'mipingo anaphunzira kusambitsa odwala atavala magolovesi, ntchito yomwe sanailipidwepo.

Chaka cha 2000 mafamu atayamba kulandidwa, antchito a m'mafamumo, omwe ambiri anali zidzukulu za anthu a Mthandizi, anakhamukira m'tauni atasenza mitolo. Masiku omwewo Pulezidenti Robert Mugabe ananenapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda. Ife a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Mwale tinangoyang'anana. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa alendo ana athu obadwira momwemuno, oti sanapondepo Mwanza.

Kenako inafika May 2005. Boma linayambitsa ntchito yomwe linaitcha Murambatsvina. Apolisi ndi mathalakitala anagwetsa timanyumba tija ndi misika ya m'mbali mwa msewu, ndipo m'malo ambiri eni ake ankauzidwa kuti agwetse okha. Inali nyengo yozizira, ndipo wodziwa June wa ku Harare akudziwa chomwe ndikunena. Mabanja ankagona pabwalo pakati pa mabedi ndi makabati awo, akuwotha matabwa a nyumba zawo zomwe. Mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, omwe anatumidwa ndi United Nations, analemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena popezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Mnzathu wa Chishona ankatha kukweza katundu pa lole kupita ku Murehwa kapena ku Gutu. Nanga mdzukulu wa munthu wa ku Dedza, wobadwira ku Matapi, akanapita kuti? Ambiri anatengedwa kupita ku Caledonia Farm, kenako ku Hopley, kutchire kopanda madzi. Matchalitchi anatsegula mabwalo awo, ndipo ife tinagawana mabanja a m'buku lathu monga tinkachitira kale kumahositelo, uyu kukhitchini kwa uje, uyu pakhonde pa uje. Koma ambiri anabalalika osatsanzika. Sosaite imayenda ndi kudziwa pakhomo pa munthu, ndipo makomowo anali atasanduka milu ya njerwa. Masamba ambiri a buku lathu anathera pomwepo.

Zomwe zinatsala zinadyedwa ndi 2008. Ndalama zomwe tinasonkha zaka zonse zija zinafika posagula ngakhale buledi, ndipo kumayambiriro kwa 2009 boma linatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Tinabwerera ku msonkho wa makolo: kapu ya ufa, mtolo wa nkhuni, misomali, thabwa. Mabokosi ena tinakhoma ndi zitseko za mawadiropu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, choncho ngakhale amene analibe kanthu ankabwera ndi fosholo. Palibe wa m'buku lathu amene anaikidwa ndi akaidi chaka chimenecho, ndipo ndikamanena zimenezi ndimanena monyada.

Malamulo atsopano a dziko a mu 2013 anabwezera unzika ana obadwira kuno, koma ambiri anali atawoloka kale Limpopo. Lero ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ndikumva kuti kumeneko nawonso ali ndi magulu awo pa WhatsApp osonkherana wina akamwalira kapena akawotcheredwa nyumba. Otsala kuno ambiri analowa inshuwalansi ya maliro ya makampani. Galimoto zake n'zokongola, tenti ndi mipando amabweretsa, sindikutsutsa. Koma ukalephera kulipira miyezi ingapo amangokufufuta, ndipo palibe amene amatumidwa kudzaona ngati wadya.

Ulembi ndinausiya maso atayamba kuchita nkhungu. Buku lili ndi mtsikana wina, mdzukulu wa mnzanga wa ku Nenyere, yemwe amalandira chopereka pa foni ndipo Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona. Pamsonkhano wathawu anawerenga mayina a nkhalamba zomwe zatha chaka osasonkha, n'kufunsa ngati zichotsedwe, poti thumba lachepa. Ena anavomera, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Ine ndinapempha kuti asanagamule atume anthu awiri ku Hopley ndi ku Epworth akaone kaye ngati nkhalambazo zili ndi denga. Anasankha mtsikanayo ndi mnyamata wina wokankha ngolo ku Musika, ndipo ndalama ya basi tinasonkha pomwepo.