Ndowa ya Madzi ndi Ndowa ya Chimanga

Pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, mphunzitsi wa Sitandade 6 anatha masabata awiri akulemba pa bolodi kuti kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000, ndipo lita imodzi ndi mamililita 1,000. Ana ankayankha pamodzi ngati akuimba nyimbo. Chiyambire 1994, pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, makalasi ambiri anadzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi wopanda sikelo amangodalira choko. Palibe angamudzudzule.

Mmawa wina mu February, mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, mtsikana wina anaimika dzanja. "Aphunzitsi, amayi anagula ndowa ya chimanga pamsika. Wogulitsayo anati poti ndowayo ndi ya malita 20, chimangacho ndi makilogalamu 20. Kodi nzoona?"

Kalasi yonse inati nzoona. Apa mphunzitsiyo anazindikira kuti masabata awiri aja anapita pachabe: kwa anawo, lita ndi kilogalamu anali mayina awiri a chinthu chimodzi.

Tsiku lotsatira anabwereka sikelo yopachika kwa wogulitsa nyama, naimangirira kunthambi ya mtengo wa mango. Anayamba ndi kuyeza ndowa yopanda kanthu, kuti kulemera kwake azikuchotsera. Atathira madzi, anapeza makilogalamu 20, pakuti lita imodzi ya madzi imalemeradi kilogalamu imodzi, ndipo mwina chisokonezo chonse chimachokera pamenepo. Kenaka anathira chimanga, nachisalaza ndi rula pakamwa pa ndowa. Muvi wa sikelo unaima pafupi ndi 15. Gaga anapepuka kuposa apo, pomwe mchenga unafuna anyamata awiri kuti aunyamule. Ndowa inali yomweyo. Lita imayeza malo amene chinthu chatenga, kilogalamu imayeza kulemera kwake, ndipo pakati pa njere za chimanga pamatsala mipata ya mpweya.

Mtsikana uja sanayembekeze kufunsidwa. Anawerengera pansi ndi kamtengo kuti ndowa zitatu zosalaza ndi makilogalamu pafupifupi 45, osakwana ngakhale thumba la makilogalamu 50, chikhalirecho wogulitsa uja akanati ndi 60. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anapempha kuti akaitane amayi ake adzaone okha.

Sizinatheke. Mwini sikelo anali atanena kuti ibwerere isanakwane 11 koloko, ndipo theka la kalasi linali lisanaigwire nkomwe.