Pangano ndi Mmisiri Womata Zipupa

Nyumba ya njerwa siitha pa tsiku lokhoma malata. Zipupa za m'kati zimakhala zikadali zokhakhala. M'mipata ya njerwa mumabisala nsikidzi ndi mphemvu, ndipo fumbi limagwera m'cakudya. Cifukwa cace timafuna mmisiri kuti amate zipupa ndi simenti ndi kuzisalaza.

Kuno ku Angónia ndalama ya nchito imeneyi imacokera kumunda: cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Ndi thukuta la caka cathunthu. Mnansi wathu wina analipira ndalama zonse nchito isanayambe. Mmisiri anamata cipinda cimodzi, napita osabweranso. Panalibe pepala, panalibe mboni. Banja lija linadikira kukolola kwina.

Ife, pomanga nyumba yathu, tinayamba ndi kuona nchito yakale ya mmisiri. Tinapita ku nyumba ziwiri zimene iye anamata zaka zapitazo. Tinagogoda zipupa ndi cala. Cipupa cikamalira ngati ng'oma, ndiye kuti simenti yalekana ndi njerwa, ndipo idzagwa. Tinagunditsa thabwa lowongoka pa cipupa kuti tione ngati pali mabampu. Tinafunsanso eni nyumba: "Kodi a mmisiri anamaliza pa nthawi yace?"

Kenaka tinapima nyumba pamodzi ndi iye. Amisiri amawerenga cipupa ndi metro quadrado, ndiwo malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mwamba. Cipinda cathu cogona ndi mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Kuzungulira zipupa zinayi ndi mamita 14. Msinkhu wa cipupa ndi mamita awiri ndi theka. Tikacurukitsa, tipeza 35. Thumba limodzi la simenti, la makilo 50, limamata pafupifupi 10. Motero cipinda cija cinafuna matumba anayi, osati asanu ndi awiri. Munthu wodziwa kuwerengera sagula mwa mantha.

Tinalemba pangano pa mapepala awiri, lina lathu, lina lace. Tinalemba zipinda zomata, mtengo wonse m'metikali, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Tinalemba kuti mcenga ndi madzi tidzatunga ndife, zida adzabwera nazo yekha. Malipiro tinawagawa patatu: poyamba, pakati, ndi pomaliza. A mfumu anakhala mboni.

Mwini nyumba sayenera kucoka pamene nchito iri m'kati. Mcenga ukhale wa kumtsinje, wosefa, wopanda dothi. Mcenga wa dothi umang'ambitsa cipupa. Muyeso ukhale umodzi: ndowa imodzi ya simenti, ndowa zisanu za mcenga. Njerwa zithiridwe madzi asanamate, cifukwa njerwa youma imamwa madzi a simenti. Kukhuthala kwa simenti kukhale ngati cala, sentimita imodzi ndi theka. Matope osakaniza agwire nchito msanga, asanayambe kuuma.

Mmisiri akamaliza, nchito yotsala ndi yathu. Tinawaza madzi pa zipupa m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri. Simenti imalimba ndi cinyezi. Ikauma mofulumira imafooka ndi kung'ambika. Zipupa zitauma bwino, ndi pamene tinapaka laimu.

Tisanapereke gawo lomaliza, tinayenda m'zipinda zonse masana, kuyang'ana ngodya, mazenera ndi zitseko. Pamene panali polakwika, mmisiri anakonza. Ifenso tinamlipira tsiku lomwelo, osacotsa kanthu.

Pepala lija silinateteze ife tokha. Mmisiri nayenso ali ndi ana odyetsa, ndipo amisiri ambiri amagwira nchito, eni nyumba nkumawauza kuti "mubwere mawa" mpaka mvula kugwa. Mau a pakamwa amaiwalika, ndipo aliyense amakumbukira zomukomera. Colembedwa cimakumbutsa onse awiri mofanana.